Mpanda wa nsungwi: yankho kwa mayi a ku Area 25

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti mpanda wa udzu amamanga chaka ndi chaka koma chiswe ndi mphepo sizichedwa kuugwetsa, pomwe wa njerwa ndalama zake sizinakwane. Funso lawo nali: kodi nsungwi zingakhale mpanda wobiriwira chaka chonse? Nanga sizingang'ambe nyumba monga anthu amanenera?

Mayi, zikomo polemba. Nsungwi zingakhale mpanda wabwino zedi, koma nkhani yonse yagona pa mtundu womwe mubzale, ndipo mtunduwo mumaudziwira pansi pa nthaka, osati pa masamba.

Nsungwi zilipo za magulu awiri. Zina zimamera pa chitsa chimodzi, mphukira zatsopano n'kumatuluka pafupi ndi mayi wake, chitsa n'kumakula pang'onopang'ono. Zina zimayendetsa tsinde pansi pa nthaka ngati kapinga, n'kukatulukira mamita angapo kutali, mwina m'dimba la aneba kapena pansi pa khonde. Za gulu lachiwirili, monga zotchedwa Phyllostachys, ndi zomwe zinaipitsa mbiri ya nsungwi. Pa ploti ya m'tauni musaziyese n'komwe. Mukapita ku nazale, pemphani kuona mbande yomwe yakhalitsa m'nthaka. Mukaona mapesi ali motalikirana, apa limodzi apo limodzi, bwererani ndi ndalama zanu.

Ngakhale pa zomera pa chitsa pali kusankha. Nsungwi yathu ya m'mapiri, yomwe amalukira malichero, madengu ndi nkhokwe, akatswiri amaitcha Oxytenanthera abyssinica. Ndimaikonda chifukwa imapirira chilala ndipo siifuna kuinyengerera, koma ikamva ludzu imayoyola masamba. Mu Okutobala, nthawi yomwe fumbi lachuluka ndipo mukufunitsitsa chotchinga, odutsa mumsewu adzakuonani mukutsuka mbale. Ija yachikasu ya mizere yobiriwira, Bambusa vulgaris, ndi yokongola koma ndi chimphona: imapitirira mamita 10, ndipo chitsa chimodzi chimadya malo omwe mukadaikapo khitchini. Imeneyo ndi ya kumunda kapena m'mbali mwa mtsinje.

Ine ndingakusankhireni Bambusa multiplex, yomwe kwawo ndi ku China. Mapesi ake ndi opyapyala ngati chala, amathithikana, masamba ndi ang'onoang'ono ndipo amayambira m'munsi, kotero mpanda sukhala ndi mawindo. Imalola kumetedwa. Komabe kubiriwira kwake m'chilimwe cha ku Lilongwe kumadalira madzi. Osadandaula za bilu: madzi otsukuluzira zovala ndi osambira amakwana, bola asakhale ndi mankhwala oyeretsera zovala.

Bzalani mvula ikakhazikika, cha mu Disembala. Kumbani maenje akuya ndi kutambalala masentimita 50, motalikirana mita imodzi, ndipo dothi lapamwamba mulisakanize ndi ndowa ya manyowa owolerana bwino. Mzere wonse ukhale mita imodzi ndi theka kuchoka pa khoma la nyumba, pa mapaipi a madzi ndi pa dzenje la chimbudzi. Muganizirenso malire: chitsa chimafutukuka mbali zonse, ndiye mukabzala pa malire penipeni, pakatha zaka zisanu mudzayamba kukangana ndi aneba.

Mbande yodalirika ndi yogamphula ku chitsa chachikulu. Sankhani phesi la chaka chimodzi kapena ziwiri, mulikumbe pamodzi ndi tsinde lake la pansi lomwe lili ndi maso, mulidule n'kusiya mfundo zitatu kapena zinayi, ndipo mulibzale tsiku lomwelo. Mizu ya nsungwi ikauma padzuwa, basi kwatha. Ine ndinataya mbande zisanu ndi imodzi chifukwa ndinazisiya pakhonde masiku awiri ndikudikira aganyu okumba maenje. Mpaka lero ndikakumbuka zimandiwawa, chifukwa ndinazitenga kutali.

Tsono pali khalidwe la nsungwi lomwe limagwetsa anthu ulesi. Chaka choyamba imangokhala duu, ngati yakwiya. Musaizule, ikumanga mizu. Dzinja lachiwiri mudzaona mphukira zosongoka zikuboola nthaka, ndipo phesi lililonse limafika msinkhu wake wonse m'miyezi iwiri kapena itatu yokha. Likafika pamenepo silitalikanso kapena kunenepa moyo wake wonse. Mapesi a chaka chotsatira ndi omwe amabwera akuluakulu. Izi zikuthandizani pometa: phesi mukalidula kumutu silikweranso, limangochita nthambi. Dikirani mphukira zithe kutalika, kenako dulani pamwamba penipeni pa mfundo, pa msinkhu womwe mukufuna, kaya mamita awiri ndi theka. Mphukira zanthetezo mbuzi zimazikonda, ndipo ana amazithyola posewera. Muzitchinjirize.

Mapesi akakwana zaka zitatu kapena zinayi, muziwadula pansi penipeni ndi sowo m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye. Mpanda umapuma bwino, inu n'kupeza mitengo yoyangira tomato ndi nyemba. Koma bedi la ndiwo zamasamba likhale patali mamita awiri, chifukwa mizu ya nsungwi imayenda pamwamba ndipo imalanda madzi.

Za njoka simunafunse, koma ndikudziwa kuti apabanja panu adzafunsa. Njoka imatsata mbewa ndi malo obisala. Masamba oyoyoka musiyeko ochepa ophimbira nthaka kuti isunge chinyontho, otsalawo muzisesa n'kuponya pa kompositi, makamaka m'chilimwe pamene moto wa zinyalala suchedwa kulumpha.

Mpanda wa udzu uja musaugwetse msanga, mayi. Muukonzebe chaka chino ndi chamawa, nsungwi zizikulira m'kati mwake.