Fyuluta ya mpweya ndi injini yomwe ndinaipha ndekha

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mkulu wina amene njinga yake yamoto imayenda pa tala komanso m'fumbi. Akufunsa kuti agule fyuluta ya pepala, ya siponji, kapena ya thonje imene anzake akuti imawonjezera mphamvu. Achimwene, mwandiponda pachilonda.

Njinga yanga yoyamba ndinaipha ndi manja angawa. Ndinachotsa bokosi lonse la mpweya n'kumangirira kafyuluta kozungulira, kopanda ndi dzina komwe, pakamwa pa kabuleta, kachipangizo kosakaniza mpweya ndi petulo. Chimene ndinkafuna ndi phokoso basi. Injini ikamakoka mpweya inkabangula, ine n'kumadziona ngati wampikisano. Mphamvu ndiye sinabwere. Ndikakoka moto mwadzidzidzi inkatsamwa, pulagi n'kuyera mbuu, chifukwa mpweya unachuluka pamene majeti, timabowo todutsa petulo mu kabuleta, sindinasinthe. Patatha miyezi ingapo, kuiliza m'mawa kunasanduka nkhondo. Makaniko anatsegula, n'kupisa chala m'paipi yopita ku injini. Chinatuluka ndi fumbi lokhakhala ngati sandipepa. Sanayankhule kanthu, anangochipukutira pa malaya anga.

Tsiku limenelo ndinakhala pansi n'kuwerengera. Injini ya petulo imafuna makilogalamu pafupifupi 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo. Ndiye kuti lita imodzi ikamapsa, malita pafupifupi 9,000 a mpweya adutsa pa kachinthu kamene timakanyozaka. Fumbi la mumsewu lili ndi timchenga ta silika, tolimba kwambiri, ndipo timapala mavalavu olowetsa mpweya, maring'i a pisitoni ndi silinda pang'onopang'ono. Palibe phokoso lokuchenjezani. Mumangoona kuti oyilo wayamba kutha msanga, utsi wabuluu kumbuyo, mphamvu ija munkaifuna yapita yonse.

N'chifukwa chake ndimapsa mtima ndikamva munthu akutamanda fyuluta kuti "imapumitsa bwino injini". Kupumitsa chiyani? Ukachotseratu fyuluta yonse imapumanso bwino koposa, kwa kanthawi. Ndinayamba ndime ino ndikufuna kunena mofatsa kuti mtundu uliwonse uli ndi ubwino wake, koma ayi. Pa njinga imene injini yake simunaisinthe kalikonse, mphamvu yowonjezerayo simudzaimva m'manja. Mudzaimva m'makutu mokha. Za thonje zenizeni, monga za kampani ya K&N, zili ndi malo ake pa njinga ya pa tala, makamaka poti zimachapika, koma ine m'fumbi lenileni sindingaike.

Ndipo poti tatchula zochapa, pali tchimo lina limene ndinalichita zaka zambiri: kuchapa siponji ndi petulo. Imayera msanga, inde, koma petulo amafooketsa guluu wolumikiza zigawo zake, tsiku lina n'kungopeza yatseguka pamsoko. Kuipotokola ngati chovala kumaing'ambanso, imafunika kuifinya m'manja basi. Ukaichapa imafunika kuithira oyilo, koma oyilo wa injini sagwira, amangotsetsereka n'kukadikha pansi pa bokosi, pamwamba n'kuuma gwa. Oyilo wa fyuluta ndi wonanda dala, ndipo ndi iyeyo amene amakola fumbi. Siponji youma ndi sefa ya mabowo akuluakulu chabe.

Tsono mugule iti?

Ngati ulendo wanu wambiri ndi wa pa tala, ya pepala yofanana ndi imene inabwera ndi njingayo. Musaichape ndi madzi kapena kuithira oyilo, ikada isintheni. Ngati fumbi ndi matope ndi za tsiku ndi tsiku, siponji ya zigawo ziwiri, yokhakhala kunja yosalala mkati, ngati imene kampani ya Twin Air ya ku Netherlands inatulutsa mu 1972. Gulani ziwiri kuti ina izikhala yochapa kale, chifukwa pa fumbi lambiri mungafunike kusintha ulendo uliwonse. Ngati mukudzidziwa kuti ndinu waulesi pochapa, khalani pa pepala.

Mukamaika siponjiyo, pakani girizi pang'ono m'mphepete mwake momwe imakhudzana ndi bokosi, kenako yendetsani chala kuzungulira kuti mumve ngati yakhala bwino. Ine masiku ano ndikachotsa fyuluta ndimayamba ndapukuta paipi ya kuseri kwake ndi kansalu koyera, n'kukayang'ana padzuwa.