Foni ikutchaja koma kompyuta siikuiona: yambani mwakayikira chingwe

Achimwene, mwafunsa kuti bwanji foni yanu imatchaja bwinobwino mukaisomeka ku laputopu koma zithunzi zake osaoneka, chikhalirecho chingwe chake n'chatsopano cha USB-C. Musathamangire kwa okonza mafoni. Ine ndikukayikira chingwecho.

Mutasenda chingwe wamba cha USB mupezamo timawaya tinayi. Tiwiri, kawirikawiri kofiira ndi kakuda, n'todutsa moto wa mavoti 5. Tiwiri tinato, koyera ndi kobiriwira, ndi momwe mumadutsa mafayilo. Tsono pali zingwe zina, makamaka zobwera ndi ma power bank ndi timatochi totchaja, zomwe opanga anangoikamo tiwiri ta moto basi. Kunja sizisiyana n'komwe ndi zinzake. Chingwe chotere ngakhale muchizule n'kuchisomekanso kangati, kompyuta singadziwe kuti kwalumikizidwa chinthu.

Bwerekani chingwe china chomwe mwini wake amasamutsira mafayilo. Mukasomeka, tsekulani loko wa foni, kokani mauthenga a pamwamba aja n'kusankha File transfer, chifukwa mafoni ambiri a Android amayamba ndi kutchaja kokha mpaka mutawauza. Zikakanikabe, unikani ndi tochi pobayira pa foni. Timaulusi ta m'thumba timaunjikana pansi penipeni, kamutu ka chingwe osafika bwino. Zimitsani foni, mutokose pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano ayi chonde, mungawononge timano ta m'katimo.

Chomwe chimasokoneza ambiri n'chakuti USB-C ndi dzina la kamutu chabe, silinena za liwiro. USB inayamba mu 1996, makampani monga Intel, Microsoft, IBM ndi Compaq atagwirizana kuti kiyibodi, mausi ndi pulinta zileke kukhala chilichonse ndi pobayira pakepake. Mu 2000 kunabwera USB 2.0 ya liwiro la 480 Mbps (muyeso wa liwiro losamutsira mafayilo), kenako mu 2008 USB 3.0 ya 5 Gbps, yothamanga pafupifupi kakhumi kuposa yoyambayo, ija nthawi zambiri imakhala ndi kapulasitiki ka buluu m'kati. Kamutu ka USB-C, kolowa mbali iliyonse, kanatuluka mu 2014 ndipo kali ndi timano 24, koma palibe chokakamiza wopanga chingwe kulumikiza tonseto. Zingwe zambiri zobwera m'bokosi la foni zimayendabe pa liwiro la mu 2000 lija. Ngakhale iPhone 15 wamba, yomwe ili ndi USB-C, imasamutsa pa liwiro la USB 2.0. Zimandiwawa kuti zimenezi ogula sauzidwa momveka, munthu n'kumaganiza kuti kompyuta yake yakalamba.

Pogula china, werengani papaketi. Pakhale polembedwa kuti chimadutsa data, ndipo ngati mumasamutsa mavidiyo akuluakulu funani cholembedwa 5 Gbps kapena 10 Gbps, bola foni yanunso ikhale yotha liwirolo. Ngati mukufuna chizitchajanso laputopu yokoka mawati oposa 60, tengani cholembedwa 100W kapena 240W, chifukwa zimenezo zili ndi kachipu m'kamutu kouza tchaja kuti chingwecho chipirira moto wochuluka.

Mukayesa chingwe china mutiuze, mutchulenso mtundu wa foniyo.