Ndigule laputopu yotani yoti ivomere OS/2?

FUNSO: Akonzi, ndimagwira ntchito pamalo ena odulira zitsulo, ndipo makina athu aakulu amalandira malangizo kudzera pa waya wa serial kuchokera pa kompyuta yakale yokhala ndi OS/2 Warp 4, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows. Kompyutayo yayamba kumazima yokha, choncho abwana andituma kuti ndipeze laputopu yolowa m'malo mwake, poti laputopu ili ndi batire ndipo singazime mwadzidzidzi magetsi akathima. Ogulitsa amene ndawafunsa akuti ndigule yatsopano yamphamvu. Kodi ndiwamvere? Wowerenga wa ku Blantyre.

YANKHO: Zikomo chifukwa cha funso lanu. Pa nkhani iyi mphamvu za laputopu sizikuthandizani. Chofunika kudziwa ndi chakuti zipangizo za mkati mwake zili ndi madiraiva a OS/2 kapena ayi. Madiraiva ndi timapulogalamu tomwe timathandiza kompyuta kuzindikira sikirini, disiki, netiweki ndi mabowo a USB, ndipo akasowa, laputopu yodula kwambiri imangokhala chokongoletsa pa tebulo. Warp 4 inatuluka mu 1996, ndipo kampani ya IBM inasiya kusamalira OS/2 kumapeto kwa 2006, motero opanga malaputopu amakono saiganizira n'komwe.

Ine ndikadakhala inu, sindikadalimbana ndi madisiki akale a Warp 4. Ndikadagula ArcaOS, yomwe ndi OS/2 yomweyo koma yokonzedwanso ndi kampani ya Arca Noae kuyambira mu 2017. Imayendetsa mapulogalamu a OS/2 ndi a DOS, imalowetsedwa kudzera pa USB kapena DVD, ndipo mtundu wa 5.1, umene unatuluka mu 2023, umatha kudzuka pa makompyuta a UEFI (njira yamakono yodzutsira kompyuta), chinthu chimene Warp 4 singachite. Dziwani kuti ArcaOS ndi yogula, komanso kuti ndi ya 32-bit, kutanthauza kuti mapulogalamu ake sagwiritsa ntchito RAM yoposa 4GB. Kulipira ndalama zambiri chifukwa cha 16GB n'kutaya ndalama za kampani.

Kunena za laputopuyo, yang'anani ma ThinkPad akale. IBM ndiyo inkawapanga isanagulitse gawo lake la makompyuta kwa Lenovo mu 2005, ndipo anthu okonda OS/2 akhala akuwadalira kwa zaka zambiri. T42 ndi T43 zimagwirizana nayo bwino, koma zimafuna madisiki akale a PATA amene akusowa masiku ano. T60 ndi T61 ndizo ndingakulimbikitseni, chifukwa zili ndi SATA, njira yatsopano yolumikizira disiki, ndiye mungathe kuikamo disiki ya SSD yotsika mtengo imene saiopa kunjenjemera kwa pamalo odulira zitsulo. Pa T61 sankhani yokhala ndi chipangizo cha zithunzi cha Intel, chifukwa zambiri za Nvidia za nthawi imeneyo zinkafa ndi kutentha.

Pali vuto limodzi lalikulu limene ogulitsa sangakuuzeni, mwina chifukwa iwonso salidziwa: malaputopu ndatchulawa alibe bowo la serial pathupi pake. Kwa inu bowo limenelo ndilo mtima wa ntchito yonse. T60 ndi T61 zimakhala pa chokhazikira chotchedwa Advanced Mini Dock, chomwe kumbuyo kwake kuli bowo la serial la mano 9 komanso la parallel, ndipo muchigule pamodzi ndi laputopuyo. Timawaya tosintha USB kukhala serial timapezeka mosavuta, koma si tonse tili ndi madiraiva a OS/2, ndipo kachedwedwe kakang'ono pa kutumiza malangizo kangathe kuononga chitsulo chimene chili pa makina. Yang'ananinso kumbuyo kwa kompyuta yakaleyo ngati pa bowo la parallel pali kachipangizo kakang'ono kotsekulira pulogalamu, chifukwa mapulogalamu ambiri a m'mafakitale sayenda popanda iko.

Za Wi-Fi musadalire kwambiri. Makhadi ochepa akale a Intel ndi amene amagwira, ndipo ma ThinkPad amakana khadi lachilendo polemba nambala 1802 pa sikirini. Waya wa Ethernet ukukwanirani.

Mukapita kwa ogulitsa za kaunjika, tengani USB ya ArcaOS ndipo mupemphe kuti mudzutsire laputopuyo pamaso pawo musanapereke ndalama. Ikafika pa sikirini yolowetsera n'kuona disiki, kiyibodi ndi mbewa, ndiye kuti mbali yaikulu yatheka. Batire la laputopu ya zaka zoposa 15 limakhala litatha, ndipo poti batirelo ndilo chifukwa chimene abwana anu akufunira laputopu, onjezerani mtengo wa latsopano pa bajeti, pamodzi ndi kabatire kakang'ono kosunga tsiku ndi nthawi.

Musanachite zonsezi, koperani disiki yonse ya kompyuta yakaleyo sabata ino, makamaka fayilo ya CONFIG.SYS ndi foda ya pulogalamu yodulira, chifukwa m'menemo ndi mmene muli liwiro la waya wa serial ndi makonzedwe ena amene makina anu anazolowera.