Funsani Aphunzitsi: za GED, setifiketi yogula ndi mwana wofuna kusiya sukulu

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa abale athu okhala ku America ndi ku Canada ndipo pafupifupi onse akufunsa za pepala la sekondale. Ndasankhapo asanu ndi limodzi, ena ndawadula poti anali aatali.

*Zikomo aphunzitsi. Ndine mayi wa zaka 41, ndimagwira ntchito yosamalira agogo m'nyumba zawo. Sukulu ndinasiyira fomu 2 nkhani ya fizi, kenako banja, ana, basi zaka n'kumapita. Pano ndikufuna ndiphunzire za unamwino koma kulikonse ndikafunsa akuti bweretsani high school diploma kapena GED. Kodi GED yo ndi chani kwenikweni, nanga ine amene masamu ndinawaona komaliza ndili mtsikana ndingaithe? Nabanda, Indiana*

Mayi Nabanda, muitha. GED ndi mayeso amene munthu woti sanamalize sekondale amalemba ku America, akakhoza state imene akukhalayo imamupatsa setifiketi yomwe makoleji ndi mabwana ambiri amailandira ngati ya munthu amene anamaliza giredi 12. Anayamba mu 1942 nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anawakonzera anyamata amene anapita ku usilikali asanamalize sukulu, kenako mu 1947 New York inawatsegulira anthu wamba. Ndiye kuyambira pachiyambi pomwe ndi mayeso a anthu akuluakulu, zaka 41 zisakuchititseni manyazi, m'kalasimo mukapezamo ena a imvi.

Mapepala alipo anayi, masamu, Chingerezi, sayansi ndi social studies, ndipo chabwino chake sakukakamizani kulemba onse tsiku limodzi ayi, mutha kulemba limodzi mwezi uno lina pakapita miyezi iwiri, mumalipiranso pepala lililonse palokha. Masamu ndi mphindi 115, Chingerezi 150, sayansi 90, social studies 70. Malikisi amayambira 100 kulekeza 200 ndipo kuti mukhoze pepala lililonse mukufunika 145. Mukafika 165 amati mwakonzeka kulowa koleji ndipo makoleji ena sakulembetsaninso mayeso oona kalasi yoyambira, mukafika 175 ena amakuwerengerani ngati mwaphunzira kale kosi ina. Koma inu pakadali pano maso akhale pa 145.

Pali zinthu ziwiri zimene zimagwetsa anthu amene anaphunzira kunja kwa America ndipo ambiri saziganizira poti mantha onse amathera pa masamu. Choyamba ndi kompyuta. Kuyambira 2014 GED imalembedwa pa kompyuta, ndipo mu pepala la Chingerezi muli chimangirizo cha mphindi 45 chomwe mumachita kutaipa. Ndiye taganizani munthu akusakasaka chilembo ndi chala chimodzi, wotchi ili pakona ya sikirini ikungotsika, mfundo ali nazo m'mutu koma nthawi ikutha ali pa ndime yoyamba. Yambani lero kuphunzira kutaipa pa kiyibodi yeniyeni, ya pafoni siikuthandizani. Chimangirizocho nachonso chili ndi kachitidwe kake, amakupatsani nkhani ziwiri zotsutsana, tinene wina akuti ana asukulu azivala yunifomu wina akuti ayi, ndiye safuna maganizo anu pa yunifomu, akufuna muonetse kuti pa awiriwo ndani wapereka umboni wamphamvu ndipo muzitola mawu a m'nkhanimo posonyeza zimenezo. Anthu ambiri amangoyamba kuti ine ndikuona kuti, n'kudzaza tsamba lonse, malikisi osapeza.

Chachiwiri ndi social studies. Theka la pepalali ndi za boma la America, malamulo aakulu a dzikolo, nthambi zitatu za boma, Congress, makhothi, maufulu a mu Bill of Rights, kwinako ndi mbiri ya America, zachuma ndi jogalafe. Mwana wobadwira konko zimenezi amazimva kuyambira ali wamng'ono pomwe inu muziyamba pa ziro. Mwayi wake mafunso ambiri amakupatsani kankhani, tchati kapena katuni ya ndale kuti muwerenge n'kuyankha kuchokera pomwepo, ndiye kuloweza madeti sikofunika kwambiri, chofunika ndi kuwerenga Chingerezi mwachangu n'kumamva.

Poyambira ndi apa. Tsegulani akaunti pa webusaiti ya GED, ndi yaulere, ikuuzani malamulo ndi mtengo wa state yanu poti zimasiyana, m'ma state ambiri pepala limodzi limakhala pa madola 30 mpaka 40 ndi kuposerako pang'ono pomwe ku New York salipiritsa. Kenako funsani ku community college kapena ku laibulale ya kufupi nanu za makalasi a adult education, ambiri ndi aulere kapena otchipa kwambiri chifukwa boma limaikako ndalama, ndipo amakhala ndi amadzulo a anthu a mashifiti ngati inu. Tsiku loyamba amakuyesani kuti aone pamene muli, musakhumudwe akakuuzani kuti masamu muyambire pa ma fraction, ndi pamene ambiri amayambira. Kosi ya unamwino woyambira yotchedwa LPN imatenga pafupifupi chaka chimodzi mukapeza pepalali, ndiye ulendo wake ndi wooneka.

*Aphunzitsi, ine MSCE ndili nayo ndinakhoza bwinobwino, koma anzanga kuno akuti ndiyopanda ntchito ndilembe GED basi. Zoona? Mnyamata wa ku Seattle*

Achimwene, musathamangire. Munthu amene anamaliza sekondale kwina nthawi zambiri safunika GED, chimene makoleji amafuna ndi choti setifiketi yanu iunikidwe ndi bungwe loona za mapepala akunja, monga WES kapena ECE, awa ali m'gulu lotchedwa NACES. Koma musanalipire aliyense pitani kaye ku ofesi yolembetsa ophunzira pa koleji imene mukufunayo mukafunse kuti amalandira lipoti lochokera ku bungwe liti, chifukwa ena ali ndi lawo lomwe amalikhulupirira ndipo ena amaunika okha. Konzekeraninso kuti mabungwewa nthawi zina amafuna zotsatira zitsimikizidwe ndi amene anakulembetsani mayeso, kwa inu ndi a MANEB, ndipo zimenezi zimadya nthawi. Ndiye pali ena amene amaona kuti kudikira makalata n'kuchedwa, amangolemba GED poti zinthu zikadali m'mutu, zimenezo si zolakwika. Koma zoti MSCE ndi yopanda ntchito anzanuwo akunama.

*Pa gulu lathu la WhatsApp wina waika uthenga woti pali sukulu ya pa intaneti yomwe ukalipira madola 300 umayankha timafunso kunyumba ndipo sabata ziwiri diploma yafika pa positi ndi chidindo chagolide. Ine ndatopa ndi kukanidwa ntchito, ndilipire? Bambo wa ana awiri, Texas*

Bambo musalipire, chonde. Ndikumva kutopa kwanu koma ameneyo akukugulitsani pepala losindikiza chabe, ndipo bungwe la boma loteteza ogula la FTC lakhala likuchenjeza anthu za masukulu a mtundu umenewu. Setifiketi yeniyeni imachokera ku state, ndipo imabwera mutalemba mayeso pali wokuyang'anirani. Ngakhale GED yolembera kunyumba m'ma state amene amalola, simungokhala pa sofa ndi foni ayi, m'ma state ena mumayenera kukhala mutakhoza mayeso oyeserera a GED Ready m'masiku 60 apitawo, mumaonetsa chiphaso chanu, mumajambula chipinda chonse kuti aone kuti patebulo palibe buku, ndipo munthu amakuonerani pa kamera mpaka kumaliza, mwana akangotsegula chitseko n'kulowa mayeso atha kuthera pomwepo. Choopsa cha pepala logulalo n'choti limagwidwa mochedwa, mwalowa kale ntchito kapena koleji, ndiye akafufuza n'kupeza kuti sukuluyo kulibe amene amaoneka wabodza ndinu, wogulitsa uja ali phee ndi ndalama zanu. Madola 300 omwewo m'ma state ambiri akwana mapepala onse anayi a GED yeniyeni n'kutsalako.

*Mapepala atatu ndinakhoza koma masamu andikanika kawiri, koyamba 141 kachiwiri 143. Ndalira mokwanira aphunzitsi, mwina mutu wanga si wa masamu. Nachisale, Maryland*

Achemwali, munthu wa 143 mutu wake ndi wa masamu, mwatsala pang'ono kwambiri. Mapepala atatu aja sakuthawa, mubwereza masamu okha. Koma ulendo uno musathamangire kukalembetsa mawa chifukwa cha mkwiyo, poti lamulo la GED m'madera ambiri ndi loti mukalephera katatu pepala limodzi mumadikira masiku 60 musanayesenso.

Lowani mu akaunti yanu mutsegule lipoti la malikisi, pansi pake amalemba mitu imene munagwa nayo, anthu ambiri amangoona nambala n'kutseka osawerenga zimenezo. Ndikukayikira kuti ndi algebra chifukwa imatenga gawo loposa theka la pepalali, zinthu monga kupeza x, slope ya mzere, ma graph ndi ma function. Siyani kubwereza zimene mukuzidziwa kale ngakhale zimakoma kuzichita, khalani pa zowawazo. China ndi kakyuleta. Imene amalola ndi TI-30XS MultiView ndipo pa sikirini imabweranso yomweyo, ili ndi batani lolembera fraction mmene imaonekera m'buku, nambala pamwamba ina pansi, ndi lina losinthira yankho kuchoka pa fraction kupita pa decimal. Munthu amene akuigwira koyamba tsiku la mayeso amataya mphindi zambiri kufunafuna mabatani, ndiye gulani kapena bwerekani yanu muziigwiritsa ntchito tsiku lililonse mpaka zala zizolowere. Mafunso ochepa oyambirira okha ndi amene salola kakyuleta. Ma formula musavutike kuloweza, amakupatsani tsamba lake, phunzirani kudziwa kuti funso ili likufuna formula iti. Ndipo musasiye funso losayankha, yankho lolakwa sakuchotserani malikisi.

Mukamaliza lembani GED Ready, ndi madola osakwana 10, ikakuonetsani zobiriwira, kusonyeza kuti mwakonzeka, ndiye kalembetseni. Ngati kompyuta ndi imene imakusokonezani funsani ngati state yanu imalola HiSET, awa ndi mayeso ena opereka setifiketi yomweyo, ali ndi mapepala asanu ndipo m'madera ena amalembedwa ndi pensulo, kungoti kawirikawiri mukasintha mumayambiranso onse, ndiye kwa inu amene mwatsala ndi limodzi ine ndingati khalani pomwepo.

*Mwana wanga wa zaka 17 ali giredi 11 akuti sukulu yamukwana, akufuna asiye alembe GED ayambe ntchito poti akuti ndi chimodzimodzi. Mayi ake akulira, ine ndasowa chonena poti mwina akunena zoona. Bambo Phiri, Massachusetts*

Bambo Phiri, pamalamulo mwanayo sakunama kwenikweni, ma state ambiri amalola wa zaka 16 kapena 17 kulemba ngati wachotsedwa m'kaundula wa sukulu ndipo makolo asayina. Koma ine nditakhala inu sindingasayine msanga, ndipo ndikuuzani chifukwa chake ngakhale ndangomaliza kulimbikitsa anthu ena kuti alembe mayeso omwewa.

Katswiri wa zachuma James Heckman wa ku University of Chicago, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2000, anafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri kuyambira ndi kafukufuku amene anatulutsa ndi Stephen Cameron mu 1993. Anapeza kuti anthu a GED nzeru za m'kalasi amafanana ndi amene anamaliza sekondale osapitirira, koma pa malipiro ndi kukhalitsa pantchito ambiri amafanana ndi amene anangosiya sukulu, ndipo ambiri amene amalowa koleji samaliza. Iye anati kusiyana kuli pa khalidwe, kupirira, kudzuka tsiku ndi tsiku kupita kumene sukufuna, kumaliza chimene wayamba. Mayeso a maola asanu ndi awiri sangayeze zimenezo, pomwe chaka chimene mwana wanu watsala nachocho chimaphunzitsa zomwezo. Mayi wa zaka 41 wa kalata yoyamba uja amene akuwerenga usiku atachoka ku shifiti kupirirako anakuonetsa kale, GED kwa iye ndi khomo lolowera ku kosi imene akuifuna. Mnyamata wa 17 amene akuti zamukwana nkhani yake ndi ina, iye akufuna potulukira. Ngakhale a usilikali ku America amaika a GED m'gulu lachiwiri polemba anthu, a diploma ndi amene amakhala patsogolo.

Ndiye musayambe ndi kukalipa, khalani naye pansi mumve chimene chamukwanacho. Mwina akuvutitsidwa ndi anzake, mwina watsalira ma credit, kutanthauza makosi ofunika kukhoza kuti amalize sekondale, ndipo akuona ngati sangamalize ndi anzake ndiye manyazi, mwina akungofuna ndalama m'thumba poona anzake ogwira ntchito. Chilichonse mwa izi chili ndi njira yake. Pitani limodzi kwa guidance counselor, mlangizi wa ophunzira wa pasukulupo, mukafunse za credit recovery yomwe ndi kubwereza makosi amene anatsalira, za makalasi a ntchito zamanja, kapena dual enrollment yomwe mwana amaphunzira makosi a ku koleji akadali ku sekondale. Ngati mwayesa zonsezi ndipo pasukulupo pakumuwonongadi, pamenepo GED ndi yabwino kuposa kungokhala, koma mugwirizane kuti asanasiye akhale atasankha kale kosi kapena apprenticeship (kuphunzira ntchito uli pantchito) imene akalowe, ndi tsiku loyambira.

*Ndinayamba kuwerengera GED kuno ku Alberta ndiye wina akuti inatha. Nditani? Mlongo wanu ku Calgary*

Wakuuzani zoona achemwali, ku Canada GED inasiya kulembedwa mu 2024 ndipo m'malo mwake munabwera mayeso ena otchedwa CAEC, omwe mafunso ake a social studies ndi a za Canada. Masamu, sayansi ndi Chingerezi zimene mwawerenga sizinapite pachabe, koma buku la mbiri ndi boma la America liikeni pambali. Ngati munakhozapo kale mapepala ena a GED funsani msanga ku ofesi ya zamaphunziro ya province yanu ngati angawawerengere, poti mwayi umenewo anauikira malire a nthawi.