Gitala ikumveka koma reverb kulibe: kodi chip chapsa?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti wapanga pedal (kabokosi kosinthira mawu a gitala) ya reverb (mawu omveka ngati akulira m'holo yaikulu) yogwiritsa ntchito chip cha FV-1, cha kampani ya Spin Semiconductor, ndipo wachiwotcherera yekha pa bolodi. Akayatsa, LED ikuwala, gitala ikumveka, koma reverb njee. Funso lake ndi lakuti: "Ndiitanitse china, kapena ndingadziwe bwanji kuti miyendo yagwira?"

Achimwene, ndalamazo zisungeni kaye. Chip chotere sichifa wamba. Kawirikawiri vuto limakhala mwendo umodzi womwe ukungoyandama pamwamba pa pad yake (kamalo kachitsulo ka pa bolodi pomwe mwendo umawotchereredwa), kapena miyendo iwiri yomwe solder (mtovu wowotcherera) wailumikiza. Kumveka kwa gitalako kusakunamizeni, chifukwa pa mapedal ambiri otere mawu osasinthidwa amadutsa mu chip china, op-amp ngati TL072, osalowa n'komwe mu FV-1.

FV-1 ili ndi miyendo 28, yotalikirana mamilimita 1.27. Maso okha sangakwanitse. Tsukani kaye flux (mankhwala othandiza solder kugwira) yotsalira ndi isopropyl alcohol ndi mswachi wakale, kenako jambulani ndi kamera ya foni cham'mbali, osati kuchokera pamwamba, n'kukulitsa chithunzicho. Onani ngati kadontho kosonyeza pin 1 (mwendo woyamba) kali komwe bolodi ikunena. Pamene pagwira bwino, solder amakwera pang'ono chidendene cha mwendo, mosalala. Akaunjikana ngati kampira pamwamba, kapena mukaona kamdima pansi pa mwendo, pamenepo m'pokayikitsa. Tengani singano, mukankhe mwendo uliwonse cham'mbali pang'onopang'ono. Wosagwira umasuntha.

Tsopano multimeter (mita yoyezera magetsi), magetsi ali ozimitsa, pa continuity paja pamalira malo awiri akakhala olumikizana. Apa ndi pomwe ambiri amadzinamiza okha. Munthu amadinikiza probe (nsonga ya chingwe cha mita) mwamphamvu pa phazi la mwendo, mwendowo n'kukhudza pad, mita n'kulira, iye n'kuti zili bwino. Akangochotsa dzanja mwendo wadzukanso. Ikani probe paphewa, pomwe mwendo ukutulukira m'thupi la chip, mongokhudza. Inayo musaiike pa pad ya mwendo womwewo, koma pa chipangizo china chomwe njirayo ikukafika, kaya ndi resistor kaya capacitor, motsatira schematic (chithunzi cha momwe zipangizo zalumikizirana). Mukatero mwayesa ulendo wonse. Miyendo 28 yonse, umodziumodzi. N'zotopetsa, komabe kudikira katundu wochokera kunja kumatopetsa koposa.

Kenako yesani mwendo uliwonse ndi mnzake woyandikana nawo. Musadzidzimuke mita ikalira pa 24 ndi 25, kapena pa 11 ndi 12: imeneyo imapita ku ground mwadala. Chomwe sichiyenera kulira mopitiriza ndi pakati pa mzere wa 3.3V ndi ground. Kakulira kakanthawi kochepa n'kusiya ndi ma capacitor chabe akudzaza.

Zikatheka izi, yatsani. FV-1 imadya 3.3V, osati 9V ya adapter, ndiye yambani ndi regulator, kachipangizo kotsitsa magetsiwo. Pa pin 6, 8 ndi 23 muzipeza 3.3V, ndipo pa pin 3 pafupifupi theka lake, 1.65V. Dzanja lisanjenjemere, probe ikaterereka n'kugunda miyendo iwiri nthawi imodzi mutha kupha chip chomwe chinali chamoyo. Ine ndimakonda kuyezera pa capacitor yolumikizana ndi pin imeneyo, pomwe pali malo okwanira.

Magetsi akakhala bwino koma reverb osabwera, yang'anani crystal (kachipangizo kopatsa chip liwiro logwirira ntchito) ya 32.768 kHz pa pin 9 ndi 10. Ndi kanthu kakang'ono ngati ka m'wotchi, kosapirira kutentha, ndipo popanda iko chip chimangokhala duu. Ngati pedal yanu imawerenga mapulogalamu mu EEPROM (chip chosungira mapulogalamu) ya 24LC32A, onaninso pin 13, 14 ndi 15. Pin 13 mukaiika ku ground, FV-1 imagwiritsa ntchito mapulogalamu ake 8 am'kati. Reverb ikabwera pamenepo, chip chilibe mlandu, vuto lili ku EEPROM.

Pokonza, musathamangire kuwonjezera solder. Pakani flux, ikani nsonga yoyera ya soldering iron pa madigiri 330 mpaka 350, masekondi awiri kapena atatu pa mwendo. Pomwe miyendo yalumikizana, solder wick (kachingwe koluka ka kopa) yonyowetsedwa ndi flux imayamwa solder wotsalayo, koma musaikoke itazizira, ingazule pad. Ngati mulibe zida zoterezi, anyamata okonza mafoni pamsika amagwira tinthu tating'ono kuposa apa tsiku lililonse. Atengereni bolodiyo pamodzi ndi schematic. Mukayeza, nditumizireni ma voltage a miyendo yonse ndi chithunzi chojambulidwa cham'mbali, tione limodzi.