Musasayine kaye, mayi

Mayi, musasayine kaye chilichonse. Nditangowerenga zimene mwalemba, kuti kampani ina ikufuna kujambula pulani ndi kumanga yokha nyumba yanu ya ku Chalala kuno ku Lusaka, mtima wanga wawawanso. Mawu ake ndi omwewo amene inandiuza kampani imene inamanga nyumba yanga: inu khalani phee, wojambula ndi wathu, injiniya ndi wathu, amisiri ndi athu, mudzangobwera kudzatenga makiyi.

Makiyi ndinatengadi. Nyumba yokongola, penti yowala, matailosi mpaka kukhonde. Itabwera mvula ya mu February ndi pamene tinaona zoona zake. Usiku mwana akundidzutsa kuti amama pansi panyowa, ine ndikuyang'ana kudenga kuyesa malata akudontha. Denga louma. Madzi anali kutuluka pansi, m'mizere ya matailosi, pang'onopang'ono, mpaka matiresi amene tinayala pansi anakhuta madzi. Kutacha ndinaona mng'alu kuchipinda cha ana, wochoka pakona ya windo kukwera mpaka pa ring beam, lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma, woti ndalama yachitsulo imalowa. Chitseko chakubafa chinaleka kutsekeka. Ngongole ya ku banki ndinali ndikubwezabe, ndipo ana ndinawasamutsira pabalaza chifukwa ndinkaopa khoma lija.

Ndinafuna injiniya wapadera, ndinamulipira ndekha. Anakumba m'mbali mwa nyumba, anagumula pang'ono pilala imodzi, kenako anangondiyang'ana. Pulani yodindidwa ku khonsolo inalemba zitsulo za Y12, za mamilimita 12, mkatimo munali zocheperapo za Y10, za mamilimita 10. Pulasitiki yotchinga chinyontho pansi pa silabu munalibe. Choipitsitsa chinali maziko: mbali imodzi yakhala pamwala, ina yakhala padothi lothira losatsendera bwino. Nonse omanga kuno mukudziwa nthaka ya Lusaka, pano mwala wa laimu, ukasuntha pang'ono dothi lofewa lakuya, ndipo nthawi ya mvula madzi amakhala pafupi. Amisiri a kampaniyo pokumba anaona zonsezi ndi maso awo. Kuswa mwala n'kokwera mtengo, ndiye anangokwirira.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi zimene anachita bwana wawo. Anabwera ndi galimoto yake yoyera, nsapato osafuna kuponda matope, n'kutulutsa pepala lina. Akuti iyi ndi pulani yokonzedwanso, ndipo tamanga motsatira iyi. Anaijambula ndani? Mnyamata wa muofesi mwake, amene amalandira malipiro kwa iye kumapeto kwa mwezi. Anayendera ntchito n'kuvomereza kuti silabu ithiridwe ndani? Mnyamata yemweyo. Ndiye ndikanadandaula kwa yani? Kunali kusungitsa nyama kwa galu. Pomaliza anandiuza mopanda manyazi kuti nyumba iliyonse yatsopano imang'aluka, ndingomata ndi kupaka penti. Lero foni yanga sayankha, koma pa Facebook akuikabe zithunzi za nyumba yanga yomweyo kukopa anthu ena!

Komabe mukandifunsa, ndinena kuti tengani gulu limodzi lojambula ndi kumanga. Alamu anga ku Silverest anapatula, wojambula payekha, womanga payekha, ndipo denga litavuta aliyense analoza mnzake, ntchito inaima mpaka udzu unamera pasilabu. Mukakhala ndi kampani imodzi, wolakwa mumamudziwa dzina, ndiponso wojambula amajambula zimene ndalama zanu zingakwanitse chifukwa mtengo wa simenti ndi zitsulo akuudziwa. Kungoti musawakhulupirire. Funsani setifiketi yawo ya National Council for Construction, bungwe lolembetsa makampani omanga, muone giredi yawo, chifukwa magiredi amayambira 1 mpaka 6 ndipo si onse oyenera ntchito yaikulu. Wojambulayo akhale wolembetsedwa ku Zambia Institute of Architects, injiniya ku EIZ, bungwe la mainjiniya. Pulani imene Lusaka City Council yadinda muisunge inu kunyumba, pamodzi ndi BOQ, mndandanda wa zipangizo ndi ntchito zonse ndi mitengo yake, ndipo mulembe mu kontilakiti kuti palibe kusintha kanthu popanda siginecha yanu. Ndalama muziwapatsa m'magawo, maziko, silabu, ring beam, denga, ndipo ina muigwire mpaka nyumba idutse dzinja limodzi. Injiniya wanuwanu, wosadya nawo, aziona ngalande ya maziko ndi zitsulo asanathire konkire. Akakana zimenezi, mayi, tengani chikwama chanu mutuluke mu ofesimo.