Mwana akati thambo ndi lobiriwira, kodi walakwa?

Funso: Ndimaphunzitsa Sitandade 1. Ndikawafunsa ana mtundu wa lalanje lakupsa, ambiri amati ndi lofiira. Tsiku lina kamtsikana kena kanaloza kumwamba n'kunena kuti thambo ndi lobiriwira, anzake n'kukaseka. Kodi anawa saona bwino, kapena Chichewa chathu ndiye choperewera?

Yankho: Aphunzitsi, kamtsikanako musakadzudzule. Kanayankhula Chichewa chenicheni, cha agogo ake.

Mizu ya mitundu m'chiyankhulo chathu ndi aneni atatu: kuyera, kuda ndi kufiira. Pachifukwa ichi timati nsalu yofiira, malaya oyera, mbuzi yakuda, ndipo timathanso kunena kuti mango afiira, kapena kunja kwada. Aliyense mwa aneniwa ali ndi mvekero wake: kuyera mbee, kuda bii, kufiira psuu. Kubiriwira nakonso kuli ndi biriwiri wake. Mawu a chikasu ndi osiyana, chifukwa ndi dzina la chomera, choncho timati nsalu yachikasu, osati yochikasu. Buluu ndi pinki ndi alendo a dzulodzuloli, ndipo mvekero alibe.

Tsono mawu akakhala ochepa, liwu lililonse limalima munda waukulu. Kufiira kumatenga magazi, dothi la katondo, papaya wakupsa ndi ng'ombe imene Mngerezi angaitche bulauni. Kubiriwira kumatenga tsamba la chimanga pamodzi ndi thambo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 1995, yemwe katswiri wa ziyankhulo Pulofesa Al Mtenje anachita nawo, anapeza kuti mawu enieni a mitundu m'Chichewa ndi asanu, ndipo kubiriwira kumaphatikiza girini ndi buluu. Si ife tokha ayi. Mu 1969 akatswiri Brent Berlin ndi Paul Kay a ku yunivesite ya Berkeley ku America anaonetsa kuti ziyankhulo zambiri zimayamba ndi kuyera ndi kuda, kenako kufiira, ndipo buluu amadzabwera mochedwa.

Za maso a ana musade nkhawa msanga. Khanda la miyezi ingapo limasiyanitsa kale mitundu, koma kulumikiza mtundu ndi dzina lake kumatenga zaka. Mwana wa zaka ziwiri amatha kutchula "yofiira" pa chilichonse, podziwa kuti ndi liwu la mtundu koma osadziwa malire ake. Mitundu ngati bulauni ndi kutuwa ndiyo imavuta kwambiri, ndipo ana ambiri amaigwira pomalizira. Wa Sitandade 1 ali ndi mtolo wina pamwamba pake: kunyumba amamva mawu asanu, kusukulu tchati chapakhoma chikumufunsa mayina khumi ndi limodzi a Chingerezi.

Mukafuna kudziwa chimene mwana akuona, musamufunse dzina. Tolerani zitsekerero za mabotolo, muzithire pamphasa, mumuuze kuti, "Ika zofanana pamodzi." Mudzaona kamtsikana kaja kakuika zabuluu mulu wake, zagirini mulu wake, ngakhale milu yonse iwiri kakuitcha yobiriwira. Amene muyenera kumuyang'anitsitsa ndi mwana wosakaniza zofiira ndi zobiriwira mobwerezabwereza. Vuto limeneli ndi lobadwa nalo, limapezeka kwambiri mwa anyamata, ndipo ameneyo makolo ake apite naye kwa a maso.

Chimene chimandiwawa ine ndi kuona mwana akuchongedwa kuti walakwa pamene wayankha bwino m'chiyankhulo cha amayi ake. Muvomereni kaye, kenako muwonjezereni. Nenani kuti, "Eya, ndi lobiriwira. Koma kubiriwira kwa thambo ndi kwa tsamba ili n'kofanana?" Adzapukusa mutu yekha. Apo m'pamene mungamupatse liwu lakuti buluu, ndipo lalanje lija mumuuze kuti ndi lofiirira, pakati pa kufiira ndi chikasu.